Kosi ya za moto: funsani kaye musanapereke ndalama

Mwana wa mlongo wanga anafika kunyumba kwanga ku Amaveni Loweruka lina madzulo, magetsi atazima monga amachitira masiku ano, foni ili m'manja. Mnyamatayu watha zaka zitatu akulowa m'maenje a golide ozungulira Kwekwe, ntchito ija kuno timati chikorokoza, ndipo watopa nayo. Watopa ndi kubwera thupi lonse lili matope, watopanso ndi kupeza mayi ake ali pakhonde usiku osagona. Anandionetsa uthenga umene ukuyendayenda pa WhatsApp: kosi ya masiku atatu, yophunzira pafoni pomwepo, ndipo ukamaliza akupatsa satifiketi yonena kuti ndiwe katswiri wounika chiopsezo cha moto m'nyumba ndi m'malo a ntchito. Pachithunzipo panali chidindo chonyezimira ndi mbendera ya dziko la Britain. Mtengo wake unali wofanana ndi lendi ya chipinda chimodzi ya miyezi inayi.

"Amalume, mundithandize theka lokha. Linalo ndili nalo kale."

Sindinamukanize, komanso tsiku limenelo sindinamupatse. Ntchito imene akuifunayo ndi yabwino ndipo ndikufunitsitsa aipeze. Kwekwe ndi tauni imene inakulira pa moto. Zimasco imasungunula chrome m'ng'anjo zake. Kunja kwa tauni kuli Sable Chemicals, kumene kwa zaka zambiri apanga feteleza wa ammonium nitrate, mankhwala omwewo amene amalowa m'zophulitsira miyala za m'migodi. Ku Redcliff ng'anjo za Zisco zinazima mu 2008, koma anthu a ku Torwood ndi ku Rutendo akadali pomwepo, akuwotcherera zitsulo kuseri kwa nyumba kuti adye. Malo oterewa amafuna anthu odziwa moto. Chimene ndinkakana ndi chakuti mphwanga agule pepala lomupatsa mphamvu yosayina kuti nyumba ili bwino, iye asanaphunzire kuona nyumba.

Bambo anga anachoka ku Dedza ali mnyamata, anadzera ku Tete wapansi, kudzalowa mgodi kuno. Ine ndinabadwira ku Amaveni, ndipo ndagwira ntchito ya zamagetsi pa fakitale ina kwa zaka zoposa 20, zina mwa izo ndili m'komiti ya zachitetezo. Ndinali ndi zaka 11 pa 6 Juni 1972, tsiku limene mgodi wa malasha wa Kamandama ku Wankie, kumene lero timati Hwange, unaphulika. Anthu 427 anathera pansi, ena mwa iwo ochokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique, ndipo ambiri sanatulutsidwe. Mgodiwo anautseka iwo ali momwemo. Ndimakumbukira azibambo a kwathu atazinga wailesi pabwalo, aliyense akuwerenga pa zala abale ake amene anapita ku malasha. Chinayamba kuphulika ndi mpweya wa methane, koma chimene chinanyamula moto mgodi wonse ndi fumbi la malasha, fumbi lomwe anthu ankaliponda tsiku ndi tsiku mpaka kuleka kuliona. Kuyambira pamenepo ndimaopa kwambiri chinthu chimene maso achizolowera.

Choncho m'mawa mwake ndinamuuza kuti tiyende pang'onopang'ono kuchokera pakhomo panga mpaka ku mashopu, andiuze chilichonse chimene chingayatse moto, kapena chingatsekereze munthu moto utayaka. Iye analoza udzu wouma m'mbali mwa msewu ndi mulu wa zinyalala umene unkafuka. Anaona bwino, koma zimenezo aliyense amaziona.

Ndinamuimitsa pa nyumba ina ya zipinda zinayi, imodzi mwa nyumba zakale zija anamangira banja limodzi. Lero mukukhala mabanja anayi, chipinda chilichonse ndi sitovu yake, ayironi yake, ketulo yake, zonse zikukoka pa waya mmodzi amene anaikidwa ine ndisanabadwe. Magetsi akazima masana munthu ali pakati pophika, amaiwala kutseka sitovu, amaikapo nsalu kapena beseni la pulasitiki, n'kupita kukagona. Magetsi amabwera pakati pa usiku anthu onse ali m'tulo. Khomo lakuseri anatsekako ndi wodulobu kuti chipinda chikule. Mawindo onse anawotchererako zitsulo chifukwa cha mbava, ndipo palibe ndi limodzi lomwe lotseguka. Ndinamufunsa kuti moto ukayambira m'kakhonde ka pakati, anthu a m'chipinda chakumapeto atulukira pati. Anayang'ana nyumbayo nthawi yaitali osayankha.

Patsogolo pake pali kanyumba kodzazirapo gasi, monga timaona paliponse chiyambireni vuto la magetsi. Mabotolo ali pansi, sikelo ili pambali, ndipo masitepe ochepa kuchokera pamenepo mayi wina akukazinga tchipisi pa moto. Pakati pawo padutsa ngalande. Gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya. Akatuluka sakwera kumwamba, amatsika n'kumayenda pansi ngati madzi, kutsata ngalande mpaka atakumana ndi khala. Mphwanga sankadziwa zimenezi, ngakhale kuti amadzazitsa botolo la mayi ake pamalo omwewo mwezi uliwonse. Za zigubu za petulo zimene anzake amasunga pansi pa bedi kuti akathire mu jenereta kumaenje, ndi zophulitsira miyala zimene ena amabisa kudenga, sindinafunike kumuuza. Iye ndiye anandiuza, motsitsa mawu.

Tili pafupi kubwerera, anaima yekha pa nyumba ina imene pachitseko panali loko wakunja. Anati, "Amalume, muja muli agogo aja osayenda. Ana awo akapita kumsika amawatsekera." Pamenepo ndinadziwa kuti mnyamatayu maso ali nawo, ndipo ndi chifukwa chake sindifuna awonongeke ndi maphunziro achabechabe.

Kuunika chiopsezo cha moto ndi ntchito imene tinachita m'mawa umenewo, koma yochitidwa mwadongosolo ndi yolembedwa. Umafufuza chimene chingayatse ndi chimene chingapse. Umawerenga anthu amene ali m'nyumbamo, makamaka ogona, ana, odwala ndi okalamba, chifukwa ambiri amene amafa pa ngozi ya moto amaphedwa ndi utsi malawi asanawafike. Umayenda njira yothawira ndi mapazi ako, kugwira chitseko chilichonse. Kenako umalemba choyenera kukonza, woyenera kuchikonza ndi tsiku lake, n'kubweranso kudzaona ngati zachitika. Pansi pake umasayina dzina lako. Mwini sukulu, mwini shopu kapena a inshulansi akaona dzina limenelo amakhazika mtima pansi, ndipo anthu amagona m'nyumbamo pokhulupirira iwe.

Pamsika wa makosi pali zinthu zosiyana zimene akuzigulitsa ndi dzina limodzi. Pali maphunziro a tsiku limodzi kapena awiri ophunzitsa wantchito kugwira botolo lozimitsira moto, kusiyanitsa la madzi, la thovu, la ufa ndi la carbon dioxide, kudziwa kuti mafuta oyaka kapena waya wamoyo sathirapo madzi, ndi kutsogolera anzake potuluka. Amenewa ndi ofunika, ndipo ndikanakonda mlonda aliyense, mphunzitsi aliyense ndi wogulitsa gasi aliyense atawachita. Koma munthu wophunzira zimenezi sanakhale wounika nyumba. Kosi imene inali pafoni ya mphwanga inali ya mtundu umenewu, atangoisintha dzina ndi kukweza mtengo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndinamuuza aimbe foni ine ndili pomwepo. Funso loyamba limene ndinamupatsa linali lakuti, kodi pali munthu amene analepherapo mayeso anu? Woyankhayo anati asade nkhawa, aliyense amakhoza, satifiketi imatuluka tsiku lomwelo. Iye ankayesa kuti akutilimbitsa mtima. Kwa ine yankho limenelo linatseka nkhani. Ngati wophunzitsa ndi yemweyo wolandira ndalama, yemweyo wolemba mafunso, yemweyo wochonga, yemweyonso wodinda pepala, ndiye kuti palibe amene wayesedwa. Sukulu yeniyeni imakhala ndi bungwe lina pamwamba pake loyang'anira mayeso, ndipo dzina la bungwelo ukhoza kulitsata mpaka kukapeza sukuluyo m'kaundula wake.

Tinafunsanso kuti ophunzira adzalowa m'nyumba iti kukaunika, ndipo ndani adzawerenga lipoti lawo. Anati zonse zili m'mavidiyo. Tinafunsa kuti mphunzitsiyo anagwirapo ntchito kuti, anati ndi wodziwa zambiri. Pomaliza tinafunsa za malamulo amene amaphunzitsa, ndipo anatchula lamulo la ku England la 2005. Lamulo limenelo lilipodi, ndipo ndi labwino kwa eni ake. Koma woyang'anira akadzafika pa fakitale ya ku Kwekwe adzafika ndi Factories and Works Act. Pa mgodi adzafika ndi Mining (Management and Safety) Regulations a 1990. Wogulitsa gasi chiphaso chake chimachokera ku ZERA. Za moto wolusa m'tchire zili m'manja mwa EMA, amene amafuna kuti mwini malo alambule mpata wa mamita 9 m'malire nyengo ya moto isanafike. Khonsolo nayo ili ndi malamulo ake ndi ozimitsa moto ake. Munthu amene sanamvepo zonsezi adzalemba lipoti lotani?

Wina akhoza kunena kuti ndikukokomeza, pepala ndi pepala, zenizeni munthu amakaphunzirira pantchito. Amene akuganiza choncho amve zimene zinachitika ku London. Pa 14 Juni 2017 nyumba yosanja ya Grenfell Tower inapsa ndipo anthu 72 anafa. Moto unayambira pa firiji m'nyumba ya munthu mmodzi, ndipo chimene chinauthamangitsa kukwera nyumba yonse ndi zomatira zakunja kwa khoma zosachedwa kuyaka. Koma kafukufuku wa boma, amene lipoti lake lomaliza linatuluka mu Seputembala 2024, anayang'ananso munthu amene kwa zaka zambiri ankalembedwa ganyu younika chiopsezo cha moto m'nyumbayo. Anali wozimitsa moto wopuma pantchito. Anapeza kuti kumapeto kwa dzina lake ankalembako zilembo zosonyeza maphunziro amene analibe, ndiponso kuti ankakopera ndime za lipoti la nyumba ina n'kuziika m'lipoti la nyumba ina, mpaka kulemba za ukonde wotchinga nkhunda pa makhonde amene nyumbayo inalibe. Usiku wa motowo zitseko zambiri zimene zinayenera kudzitseka zokha sizinadzitseke, ndipo utsi unadzaza njira yothawira. Oweruza nkhaniyo analangiza boma kuti pakhale lamulo lakuti wounika aliyense aziyamba wavomerezedwa. Ngati zotere zinachitika m'dziko lolemera, lokhala ndi mabungwe ambirimbiri oyang'anira, kuli bwanji kuno kumene munthu angadinde satifiketi pa kompyuta ya pa shopu?

Inenso ndinaonapo zofanana nazo, ngakhale zazing'ono. Pamalo ena pamene ndinagwirapo ntchito kunkabwera munthu chaka chilichonse ndi fomu yake. Ankakhala mu ofesi, kumwa tiyi, kuchonga mabokosi onse, kusayina, n'kumapita. Khomo lothawira la kusitolo linali ndi unyolo, ndipo kiyi wake anali m'thumba la kapitawo amene ankaweruka 4 koloko. Tsiku limene nsanza za mafuta zinayaka, anyamata awiri anatulukira padenga atang'amba lata, mmodzi manja atapsa. Fomu ya chaka chimenecho inkati njira zonse zothawira zili bwino.

Ndipo pamene palibe woona n'komwe, amene amafa ndi anthu ngati ife. Pa 31 Ogasiti 2023 nyumba ya Usindiso ku Marshalltown mu Johannesburg inapsa usiku, anthu 76 anafa, ndipo pakati pawo panali Amalawi ambiri amene anapita kukafuna ganyu monga anachitira makolo athu pobwera kuno. M'kati mwa nyumbayo anthu anadulamo tizipinda ndi matabwa, njira zothawira zinali zotsekeka, ena analumpha pawindo. Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi Justice Sisi Khampepe linapeza kuti khonsolo ya mzindawo, imene inali mwini nyumba, inkadziwa mmene zinthu zinalili kwa zaka zambiri osachitapo kanthu. Kunonso kwathu msika wa Mbare Musika ku Harare unapsa mu Okutobala 2024, katundu wa anthu ambirimbiri n'kusanduka phulusa usiku umodzi. Moto umapita kumene kwatsala tchire, ndipo m'makomboni athu tchire latsala paliponse.

Ndikumvetsa chimene chimakokera ana athu ku mapepala achangu. Ife a m'migodi takhala nthawi yaitali tikuvutika ndi mapepala. Ambiri tinakula ndi chitupa cholembedwa kuti "alien" m'dziko limene tinabadwiramo, ndipo ena analephera kulemba mayeso a sukulu chifukwa chosowa satifiketi ya kubadwa. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anatsegula njira, anaikanso Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, koma njala ya pepala lokhala ndi dzina lako ndi chidindo sinathe. Ogulitsa makosi abodza amaidziwa njala imeneyi ndipo amadyerapo. Zimandipweteka kuona mnyamata atatulutsa ndalama imene anaikumba pansi, moyo uli pachiswe, n'kukaipereka kwa munthu amene alibe ngakhale ofesi.

Njira zoongoka zilipo, ngakhale zili zazitali. NSSA, bungwe limene limayang'anira chitetezo cha anthu pantchito m'dziko muno, lili ndi maphunziro ake otchedwa OSHEMAC. Sakhudza moto wokha, amakhudza chitetezo ndi umoyo wa pantchito monse, ndipo ubwino wake ndi wakuti amachokera kwa anthu amene amayendera mafakitale athu ndi malamulo athu. Kwekwe Polytechnic ili pomwepa, mayeso ake ndi a HEXCO, ndipo mnyamata amene waphunzira zamagetsi kapena zomangamanga kumeneko amalowa m'nyumba akudziwa kale chimene chili kuseri kwa khoma. Maphunziro a za moto akabwera pamwamba pake amagwira nthaka. Kwa amene ali ndi ndalama kapena abwana omulipirira, bungwe la NEBOSH la ku Britain lili ndi satifiketi ya za moto imene pamayeso ake munthu amayenera kuunika malo enieni ndi kulemba lipoti, ndipo limaonetsa poyera mayina a sukulu zimene linaziloleza. Dzina la sukulu likasowa pamenepo, mbendera ya pachithunzi ilibe ntchito. Koma ngakhale amene watenga satifiketi imeneyi ayenera kukhala pansi ndi malamulo a ku Zimbabwe payekha.

Chinthu china chosavuta, chimene sichifuna ndalama ngakhale senti, ndi kupita ku ofesi ya ozimitsa moto a khonsolo ndi pepala la kosi m'manja n'kufunsa ngati amaidziwa. Funsaninso woyang'anira zachitetezo pa mgodi kapena pa fakitale, poti ndiye amene adzalandire kalata yofunsira ntchito. Safunsa anadya phula. Kutalika kwa kosi pakokha sikutsimikizira kanthu. Ilipo yaifupi yabwino, iliponso yaitali yongodya ndalama. Ine ndimayang'ana ngati idzakulowetsa m'nyumba yeniyeni, ndi ngati pali munthu wina, wosadya nawo ndalama yako, amene angakuuze kuti walephera.

Ngakhale atakhoza kosi yabwino, ndamuuza mphwanga kuti chaka choyamba aziyenda kumbuyo kwa munthu wozolowera ntchitoyi, kumunyamulira tochi ndi tepi, kuwerenga malipoti ake. Ayambe ndi shopu, galaja, tchalitchi chaching'ono. Wina akadzamupempha kuti asayinire chipatala, hositelo ya ana a sukulu kapena posungira mafuta, adzanene kuti sanafikepo. Ndalama ya ganyu yotereyo imakhala yokopa, ndikudziwa, koma m'hositelo mumagona ana a anthu.

Kwa akuluakulu a khonsolo ya Kwekwe ndi a makampani akuluakulu a m'tauni muno ndili ndi pempho. Galimoto zozimitsira moto ndi zofunika, ndipo tinamva za zija boma linagula ku Belarus n'kugawira makhonsolo. Koma galimoto imafika nyumba itayaka kale. Tengani achinyamata a ku Amaveni ndi ku Mbizo, amene amadziwa nyumba iliyonse ndipo amalankhula Chishona ndi Chichewa, muwaphunzitse bwino ndi mayeso enieni, muwatume aziyenda khomo ndi khomo mwezi wa Juni usanafike, nyengo imene anthu amalowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka mawindo. Makampani ali ndi akatswiri a zachitetezo amene amateteza ng'anjo ndi makina. Antchito awo amagona m'nyumba zimene ndafotokozazi. Nawonso mabungwe athu a maliro, amene amatolera ndalama mwezi ndi mwezi kuti tiikane mwaulemu, akhoza kuitana wozimitsa moto mmodzi pa msonkhano umodzi pachaka kuti alankhule ndi mamembala.

Ndipo inu makolo ndi amalume anzanga, mwana akabwera ndi foni m'manja kudzapempha ndalama ya kosi, musamukalipire ndipo musangomupatsa. Khalani naye pansi, imbani foni limodzi, funsani amene amachonga mayeso, funsani nyumba imene adzalowe.

Mphwanga sanalipire kosi ija. Theka langa ndamusungira, ndipo akufufuza za malo ku Polytechnic. Sabata yatha iye ndi mnzake wowotcherera anapita kunyumba ya agogo aja, anakambirana ndi ana awo, anadula zitsulo za windo limodzi n'kuikapo mahinjesi. Tsopano windolo limatseguka, kiyi wina ali pa msomali m'kati, wina ali kwa mayi woyandikana nawo amene amakhala pakhomo tsiku lonse.